Chiboliboli chikapita kunja, dzina la wosema limatsala pa Chintheche

M'nyumba zambiri za ku Ulaya, ku America ndi ku Australia muli mipando ya mfumu, mabawo ndi zithunzi za asodzi zomwe zidagulidwa m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay. Eni nyumbazo amakumbukira chaka chomwe adabwera ku Malawi, ndalama zomwe adalipira atanenerera, ngakhalenso dzina la malo omwe adagona usiku umenewo. Chomwe ambiri sadziwa ndi dzina la munthu yemwe adasema mpandowo, ndipo akautembenuza kuti aone kuseri sapezapo chilembo chilichonse.

Gwero la zimenezi lili pa njira yomwe ntchito ya mmisiri imadutsa kuchoka m'manja mwake kukafika pamaso pa anthu. Pa Chintheche, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kummwera kwa tauni ya Nkhata Bay, njirayo ndi yaifupi zedi. Mmisiri amasemera pansi pa mtengo wa mango, malo ake oonetsera ndi mphepete mwa msewu wa M5 kapena pamchenga, ndipo womuonera ndi mlendo yemwe mkuja adzakhala ali ku Tanzania. Kufupika kumeneku n'komwe kumalamula chomwe mmisiri asema, kukula kwake, mtengo wake, komanso ngati dzina lake lidzakumbukika.

Ntchito imayambira m'nkhalango

Wosema ziboliboli asanagwire sompho amayamba wafunafuna mtengo. Womwe alendo amaukonda kwambiri ndi phingo, wakuda bii mkati koma woyererako chakunja, wolemera moti chidutswa chake chimamira m'madzi. Ndi mtengo womwewo umene akatswiri a ku Ulaya amapangira zitoliro za clarinet ndi oboe. Phingo amakula mochedwa, mwina zaka 70 kapena kuposerapo asanafike pothyolera ndalama, ndipo amakonda malo ouma ndi otentha. Koma Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma a mvula yambiri m'dziko muno, kwawo kwa chinangwa, tiyi wa ku Kawalazi ndi mitengo ya labala ya ku Vizara. Choncho wofuna phingo wabwino amadalira anthu omubweretsa kuchokera kutali, ndipo ndalama imakhala itatuluka kale m'thumba mpeni usanakhudze mtengo.

Mipando ndi matebulo amasemera mlombwa kapena mbawa. Mitengo yonseyi ikusowa, ndipo n'chifukwa chake pamsika pali ziboliboli zambiri za mtengo woyera zomwe zidadetsedwa ndi polishi wa nsapato kuti zioneke ngati phingo. Wodziwa amangonyamula n'kumva kupepuka kwake.

Malamulo nawo ali ndi gawo lake. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe lidakonzedwanso mu 2020 poonjezera zilango, silimlola munthu kudula mitengo yachilengedwe m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Kunja kwa dziko lino, kuyambira mu January 2017 mitengo ya mtundu wa phingo ili pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, lomwe limayang'anira malonda a zomera ndi nyama zomwe zili pachiopsezo. Katundu wosemedwa kale wosapyola makilogalamu 10 amadutsa popanda mapepala a panganoli, koma wofuna kutumiza zambiri kapena zikuluzikulu ayenera kukhala ndi ziphaso. Lamuloli lidabwera pofuna kuteteza mtengo, ndipo n'loyenera. Komabe kwa mmisiri wakumudzi uthenga wake ndi womwewo umene msika umamuuza kale: sema zing'onozing'ono.

Palinso nkhani ya kuuma kwa mtengo. Wauwisi umasemeka mofewa ndipo ntchito imatha msanga, koma ukafika m'nyumba za ku Ulaya zomwe amazitenthetsa m'nyengo yachisanu, umang'aluka. Mmisiri wosamala amasunga chipika pamthunzi kwa miyezi ingapo. Yemwe mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi sangadikire chomwecho, ndipo palibe angamunene.

Kusema kwenikweni kumayenda motsatana. Sompho amachotsa zikuluzikulu mpaka thupi la chinthu litaoneka, tchizulo ndi mpeni zimatulutsa maso, makutu ndi makwinya a nsalu, kenako tupa ndi sandipepa zimasalaza, ndipo pomaliza pamabwera polishi. Nthawi zambiri ntchitoyi imadutsa m'manja angapo: mwini luso amasema, anyamata omwe akuphunzira amakwecha ndi kupukuta, ndipo wogulitsa pamsewu amakhala munthu winanso amene adapikula. Mlendo akafunsa kuti adasema ndani, wogulitsayo savutika kuloza pachifuwa pake, poti akudziwa kuti wogula amakondwa akamaganiza kuti wagwirana chanza ndi mwini ntchito. Dzina lenileni limatayikira pamenepa, chinthucho chisanachoke n'komwe m'mudzi.

Mpando wa mfumu womwe udatchukitsa osema a ku Malawi ndi umboni wa nzeru zawo pa nkhani ya ulendo. Ndi matabwa awiri okha, lina lolowa pa chiboo cha linzake, opanda msomali kapena guluu. Ukasolola thabwa limodzi mpandowo umagona phwatalala, n'kukulungidwa ndi makatoni, n'kukwera ndege. Adaupanga poganizira chikwama cha mlendo.

Zomwe zimajambulidwa, ndi zomwe zimasiyidwa

Ojambula ndi utoto ali ndi mavuto awoawo. Ambiri amagula nsalu yokhuthala, n'kuipaka penti yoyera ya m'nyumba kuti ilimbe, kenako n'kujambulapo. Utoto wabwino ndi maburashi zimachokera kunja ndipo zimapezeka ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, moti pamene ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa zipangizo udakwera pomwe mlendo wonenerera adapitiriza kufuna mtengo wakale. Chithunzi chikauma sachiika mu felemu. Amachikulunga ngati mphasa, pachifukwa chomwe chija cha chikwama.

Munthu akayenda pa malo ogulitsirawa amaona zithunzi zofananafanana: bwato pamadzi ofiira, amayi atatu atasenza mitsuko, mlambe, njovu, ndi akadyamsonga, nyama yomwe mwana wa pa Chintheche sadaionepo m'tchire la kwawo. Pena pamapezekanso anthu ataliatali ovala zofiira atagwira mikondo, omwe kwawo ndi ku Kenya ndi ku Tanzania. Zimenezi zimajambulidwa chifukwa zimagulidwa. Mlendo amabwera ndi chithunzi cha Africa m'mutu mwake, ndipo amalipira yemwe wamupatsa chithunzi chomwecho pansalu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti dera limeneli lili ndi zake zomwe kwina kulibe. Pa Chintheche nyanja ili kummawa, choncho dzuwa limatuluka m'madzi, silimalowamo. Pali nkhungu, timizimizi tomwe timanyamuka pakati pa nyanja ngati utsi wa nkhalango yoyaka, tomwe anthu amakola n'kupanga ndiwo. Pali nyali za asodzi a usipa zomwe zimandandalika usiku ngati mzinda woyandama, ndi mathandala oyanikapo nsombazo mmawa. Pali amayi ovuula chinangwa cha kondowole, abambo a malipenga ovala mayunifolomu akuguba mwaulemu wa asilikali, ndi chilimika cha pa chaka chatsopano.

Mbiri nayo njochuluka. Ku Bandawe n'komwe amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Robert Laws, adasamukira mu 1881 kuchokera ku Cape Maclear, ndipo manda a ena mwa iwo alipobe. M'dera lomweli Elliot Kenani Kamwana adabatiza anthu zikwizikwi mu 1908 ndi 1909 asanagwidwe ndi boma la atsamunda n'kuchotsedwa m'dziko. M'mudzi wa Chifira, kufupi ndi Bandawe, mudabadwira Clements Kadalie, yemwe mu 1919 adayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town, lomwe lidagwedeza South Africa. Ndipo pafupifupi banja lililonse la Atonga lili ndi nkhani ya mtchona, wachibale yemwe adapita ku Joni kapena ku Harare osabwerako. Wojambula wa ku Ulaya atapatsidwa chuma chotere angagwire nacho ntchito moyo wake wonse. Wa pa Chintheche amachidziwa bwino kuposa wina aliyense, koma chithunzi cha Kadalie chingakhale padzuwa miyezi osagulidwa, pomwe njovu imapita tsiku lomwelo.

Chionetsero cha mphindi khumi

Mbali yaikulu ya ogula yakhala ikuchokera m'zimagalimoto zazikulu zonyamula alendo pakati pa Nairobi ndi Cape Town, zomwe zimaima pa Kande usiku uwiri kapena utatu, komanso kwa alendo ogona m'malo a m'mbali mwa nyanja. Munthu wotere ali ndi mphindi zochepa, ndalama zowerengeka ndi chikwama chodzaza kale. Amauzidwanso asanatsike kuti asalipire mtengo woyamba. Kukambirana kumakhala kwa mtengo basi, ndipo nthawi zina malonda amathera pa kusinthana ndi malaya, nsapato kapena tochi. Osema ena adazolowera ntchito ya usiku umodzi: mlendo amalemba dzina lake papepala madzulo, mmawa amalandira kathabwa komangirira makiyi kosemedwa dzinalo. Pa kanthu kameneka pali dzina la wogula, la wosema palibe.

Mmisiri akayerekeza kupanga chachilendo n'kuchigulitsa bwino, sipatha nthawi anzake oyandikana naye asanayambe kupanga chomwecho. Izi sizachilendo m'chigawo chino cha Africa. Edward Saidi Tingatinga adayamba kujambula nyama ndi penti ya njinga ku Dar es Salaam mu 1968 ndipo adamwalira mu 1972, koma kajambulidwe kake kadafalikira m'misika yonse ya alendo kum'mawa kwa Africa. Mwayi wake ngwakuti iye ankalemba dzina pa ntchito zake, ndipo kajambulidweko kamatchedwa ndi dzina lake mpaka lero.

Msika umenewu ngwa nyengo. Alendo amachuluka mvula ikatha, kuyambira cha mu May mpaka October, ndipo dzinja likafika mmisiri amabwerera kumunda kapena kunyanja. Mu 2020 mliri wa Covid-19 udatseketsa maulendo a ndege ndi zipata za dziko, magalimoto aja adasiya kubwera, ndipo ziboliboli zidachita fumbi. Mu 2024 madzi a nyanja ya Malawi adakwera kuposa momwe adachitira kwa zaka zambiri, n'kumiza mchenga ndi nyumba zina za malo ogona alendo. Kwa wogulitsa pamchenga, kumeneko kunali kumira kwa sitolo.

Chintheche idalawako khamu lalikulu la okonda zaluso. Chikondwerero cha Lake of Stars, chomwe adayambitsa Will Jameson wa ku Britain, chidachitika koyamba mu 2004 pa Chintheche Inn ndipo chidakhalapo zaka zingapo chisanasamukire ku Salima ndi ku Mangochi. Chidabwereranso pamalo omwewo mu 2016, kenako mu 2019 chidachitikira pa Kachere Kastle. Masiku atatu oterewa amabweretsa ogula omwe mmisiri sangawaone m'miyezi yambiri. Koma monga zimakhalira pa zikondwerero zambiri za nyimbo, woimba amachoka ndi dzina lomwe lamveka pa zimkuzamawu ndi m'manyuzipepala, pomwe wosema amachoka ndi ndalama ya masiku atatuwo.

Khoma, kapepala ndi nthawi

Anthu ambiri amayesa chionetsero ndi msika womwe wangolowa m'nyumba. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Pa chionetsero pamakhala munthu wosankha ntchito zoyenera kuonetsedwa ndi kuzisanja kuti zilankhulane. Chithunzi chilichonse chimapatsidwa danga pakhoma, ndipo pambali pake pamamatidwa kapepala konena dzina la mmisiri, mutu wa ntchitoyo, chaka chomwe idapangidwa ndi zipangizo zake. Mtengo umalembedwa ndipo sanenerera. Pa tsiku lotsegulira pamabwera atolankhani, ndipo ntchitozo zimakhala pamalopo masabata angapo, kotero munthu angathe kuona lero, n'kukaganiza kunyumba, n'kudzabweranso. Chionetsero chikatha pamatsala zithunzi, nkhani za m'nyuzipepala, mwinanso kabuku. Zotsalazi n'zomwe zimamanga mbiri ya mmisiri, ndipo mbiriyo ndiyo imakweza mtengo wa ntchito yake yotsatira.

Kuti afike pamenepa mmisiri ayenera kuchita chinthu chovuta koposa kwa munthu wodya za tsiku lomwelo: kusunga ntchito zake zabwino osagulitsa. Chionetsero cha munthu mmodzi chimafuna zithunzi kapena ziboliboli khumi, makumi awiri, zogwirizana mutu, ndipo kuzipanga kumatenga miyezi yomwe banja liyenera kudya. Pamwamba pa apo pali mafelemu, thiransipoti ya ku Lilongwe kudzera ku Dwangwa, Nkhotakota ndi Salima, malo ogona m'tauni, ndi gawo la ndalama lomwe eni nyumba yoonetsera amadula pa chilichonse chogulidwa. Malo odziwika ndi zionetsero, monga La Caverna ku Mandala House, nyumba yomangidwa mu 1882, ndi Jacaranda Cultural Centre mumzinda wa Blantyre, kapena La Galleria ku Lilongwe, onse ali kutali ndi Nkhata Bay. Amisiri akhalanso akudandaula kwa zaka zambiri kuti dziko lino lilibe nyumba ya fuko yosonkhanitsa ndi kusunga zojambula ndi zosema za amisiri amakono.

Komabe khomalo silichita kufuna mzinda. Ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve m'dziko la Zimbabwe, mlimi wa fodya Tom Blomefield adayambitsa mudzi wa osema miyala mu 1966, fodya atasowa msika. Ambiri mwa oyamba kusema adali antchito a m'mafamu, ena ochokera ku Malawi kuno kapena ana a matchona, monga Lemon Moses, Amali Malola ndi Josiah Manzi. Malo oonetsera adali panja, pansi pa mitengo, koma mmisiri aliyense adali ndi bwalo lake lokhala ndi dzina lake, ndipo zogulitsidwa zinkalembedwa. Ntchito za osema a m'dzikolo zidafika mpaka ku Musée Rodin mumzinda wa Paris mu 1971, ndipo lero maina a anthu aja, omwe ambiri sadapite patali ndi sukulu, ali m'mabuku a mbiri ya zaluso za mu Africa. Sadali ndi manja oposa a osema a m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Adali ndi malo okhazikika ndi kaundula.

Kwathu kuno chitsanzo chili ku Mua m'boma la Dedza, komwe Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada yemwe adapatsidwa dzina loti Chisale, adakhazikitsa malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni mu 1976. Osema a kumeneko adapeza pophunzirira, chipinda choonetsera, ndi ntchito zochita kuitanitsa za m'matchalitchi a m'dziko muno ndi kunja. Ntchito yochita kuitanitsa imamasula mmisiri ku chikwama cha mlendo, chifukwa chitseko cha tchalitchi kapena mtanda wa paguwa zingakule momwe zifunira, ndipo zimakhala pamalo amodzi pomwe mibadwo idzaziona.

Kumapeto ena a njirayi kuli Samson Kambalu, yemwe adaphunzira zaluso ku Chancellor College ku Zomba asanapite ku Britain. Mu September 2022 chiboliboli chake chotchedwa Antelope chidaimikidwa pa bwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London. Chimaonetsa John Chilembwe atavala chipewa pambali pa mmishonale John Chorley, motengera chithunzi cha mu 1914, nthawi yomwe munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Chilembwe adamukuza kuposa msinkhu wa munthu, Chorley n'kumusiya pa msinkhu wake. Chisanasankhidwe, kachitsanzo kake kakang'ono kadaonetsedwa kaye ku National Gallery mu 2021 limodzi ndi ta amisiri ena kuti anthu apereke maganizo. Mfundo yofunika apa njakuti Kambalu sadapite ku London ndi njovu kapena mlambe. Adapita ndi nkhani ya ku Chiradzulu, ya mtundu womwewo wa nkhani za Kamwana ndi Kadalie zomwe zikungokhala pa Chintheche.

Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zojambula ndi zosema monga momwe limatetezera nyimbo ndi mabuku, ndipo bungwe la Cosoma lakhalapo kuyambira mu 1992. Koma lamulo limathandiza yemwe angasonyeze kuti ntchito ndi yake. Chiboliboli chopanda dzina, chomwe sichidajambulidwe chisanagulitsidwe, ndipo chidapita ndi munthu wosadziwika komwe amakhala, palibe khoti lomwe lingachibwezere kwa mwini wake. Foni zamakono zachepetsako vutoli: amisiri achinyamata ena tsopano amajambula ntchito iliyonse, n'kuiika pa Facebook kapena kuitumiza pa WhatsApp kwa alendo omwe adadutsapo kale, ndipo ena amalandira maoda mwa njira imeneyi. Chotsamwitsa ndi mtengo wotumizira katundu kunja, womwe nthawi zina umaposa wa chinthucho.

Pali wogula wina yemwe amisiri a m'mbali mwa nyanja sadazolowere kumuwerengera. Pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi pa tsiku la anakubala la 15 October, magombe a Chintheche amadzaza ndi mabanja ochokera ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ambiri amadutsa pa ziboliboli osatsitsa n'komwe galasi la galimoto, poganiza kuti zimenezo n'za azungu, kenako n'kukakongoletsa makoma a nyumba ndi maofesi awo ndi zithunzi zosindikizidwa ku China. Chonsecho wogula wa m'dziko momwemuno ali ndi zonse zomwe mlendo wa pa Kande alibe. Sawerengera makilogalamu a ndege, safuna chiphaso cha CITES, amadziwa Kadalie ndi malipenga popanda womufotokozera, ndipo angathe kusiya oda mu October n'kudzatenga mu December mtengo utauma bwino. Angathenso kufunsa m'chinenero chomwe wogulitsa sangazembe nacho kuti wosema weniweni amakhala nyumba iti, n'kupempha kuti dzina lake ndi chaka zilembedwe kuseri kwa mpando asanaukweze m'galimoto.